Tsokonombwe Adatha Mtunda: Mbiri ya Ntchito Yopanga Makatuni

Dzuwa likapendeka pa msika wa Nsaru kapena pa Kabudula, si chachilendo kuona ana ataunjikana pakhomo pa kanyumba koonetseramo mafilimu, kapena atazungulira lamya ya m'manja ya mkulu wawo, maso ali dwii pa makatuni. Mbewa zovala nsapato, amphaka olankhula ndi ngwazi zouluka mumlengalenga amazidziwa maina ndi makhalidwe omwe. Koma mwa ana onsewo ndi owerengeka amene amadziwa kuti kuseri kwa tizidole timeneti kuli anthu amene amalawirira ku ntchito m'mawa, naweruka madzulo, nadyetsa mabanja awo ndi malipiro a ntchitoyo. Ocheperanso ndi amene amaganizako zoti mwana wobadwira kwa Kabudula angathe kudzakhala mmodzi mwa anthu amenewo.

Kwa nthawi yaitali kukayika kotereku kudali ndi chifukwa chake, pakuti pafupifupi makatuni onse ofika m'dziko muno ankachokera kutsidya kwa nyanja. Koma pa 20 Julayi 2023 kampani ya Netflix, yomwe imaonetsa mafilimu kudzera pa intaneti m'maiko oposa 190, idatulutsa makatuni otchedwa Supa Team 4. Nkhani yake imachitikira mumzinda wa Lusaka, kumene Chinyanja chimamveka m'misika ndi m'mabasi, ndipo mwini nkhaniyo ndi mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema. Kuchokera pa Namitete, kudzera ku Mchinji ndi ku Chipata, Lusaka ndi ulendo wa tsiku limodzi pa basi. Koma njira imene idafikitsa nkhani ya ku Lusaka pamaso pa dziko lonse idatenga zaka zoposa 100 kuilambula. Mbiri ya njirayo ikuonetsa kuti anthu amene adalowa ntchito imeneyi mu Africa sadayambe ndi makina okwera mtengo. Iwo adayamba ndi nkhani yoti afotokoze, zipangizo zimene adali nazo pafupi, ndiponso mtima wopirira.

Mmene chithunzi chimayendera

Chithunzi pachokha sichiyenda. Chimene chimachitika n'chakuti zithunzi zambiri, zosiyana pang'ono chabe china ndi chinzake, zimaonetsedwa motsatizana mwaliwiro, mwakuti diso limanyengeka n'kumaona ngati chojambulidwacho chili ndi moyo. Wophunzira amene adajambulapo kamunthu m'ngodya za masamba a kope lake, kenaka n'kuwatsegula masambawo mofulumira ndi chala chachikulu kuti kamunthuko kazioneka ngati kakuthamanga, adaugwira kale muzu wa luso limeneli.

Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Pofuna kuchepetsa ntchito, ojambula ambiri amakonza zithunzi 12 zokha ndipo chilichonse chimaonetsedwa kawiri. Ngakhale zili choncho, mphindi imodzi imafuna zithunzi 720, ndipo filimu ya mphindi 10 imafuna zithunzi 7,200. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Palibe ntchito imene mwambi umenewu umaikhala bwino kuposa iyi, chifukwa munthu angathe kugwira ntchito sabata yathunthu kuti apange chinthu chimene woonera amachimaliza asadaphethire kasanu.

Njira zikuluzikulu zopangira makatuni zilipo zitatu. Yoyamba ndi yojambula chithunzi chilichonse pamanja. Yachiwiri ndi youmba zidole zadongo, zawaya kapena zamapepala, n'kumazisuntha pang'onopang'ono uku akuzijambula ndi kamera nthawi iliyonse zikasunthidwa. Yachitatu ndi yogwiritsa ntchito kompyuta. Njira zonsezi zimasiyana zipangizo zokha, koma zonse zimafuna diso lodziwa mmene munthu amayendera, mmene mbuzi imadumphira ndi mmene nkhope imasinthira mtima ukamawawa.

Chiyambi chake kutsidya kwa nyanja

M'chaka cha 1908 Émile Cohl wa ku France adaonetsa kafilimu kotchedwa Fantasmagorie, kosakwana ndi mphindi ziwiri zomwe, kamene adakapanga ndi zithunzi pafupifupi 700 zojambula yekha. Ku Germany mayi wina, Lotte Reiniger, ankadula zidole m'mapepala olimba ndi sizasi, n'kuziika pagalasi lowalitsidwa kunsi kwake kuti zizioneka ngati zithunzithunzi. Atagwira ntchito zaka zitatu, adatulutsa filimu yaitali mu 1926.

Amene adasandutsa lusoli kukhala ntchito yolemba anthu ambiri ndi Walt Disney wa ku America. Kampani yake yoyamba ku Kansas City idagwa ndi ngongole mu 1923, koma iye sadagwe mphwayi. Adasamukira ku California, ndipo mu 1928 kambewa kake, Mickey Mouse, kadatchuka m'filimu yokhala ndi mawu yotchedwa Steamboat Willie. Pamene filimu yake yaitali, Snow White and the Seven Dwarfs, inkatuluka mu 1937, anthu mazanamazana adali atagwirapo ntchito, aliyense mbali yake: ena kulemba nkhani, ena kujambula, ena kupaka utoto, ena kuimba. Kuyambira pamenepo makatuni adaleka kukhala luso la munthu mmodzi. Kusintha kwina kwakukulu kudadza mu 1995 pamene kampani ya Pixar idatulutsa Toy Story, filimu yaitali yoyamba kupangidwa yonse pa kompyuta.

Akalambulabwalo a mu Africa

Africa sidachedwe kwambiri monga mmene ambiri amaganizira. Ku Egypt, anyamata apachibale a banja la Frenkel adadziphunzitsa okha lusoli atachita chidwi ndi makatuni a ku America, ndipo mu 1936 adaonetsa ku Cairo kamunthu kotchedwa Mish Mish Effendi, kovala ndi kuchita zinthu monga nzika ya dzikolo.

Munthu amene mbiri yake ikufanana kwambiri ndi moyo wa mwana wa kumudzi ndi Moustapha Alassane wa ku Niger, yemwe adabadwa mu 1942. Ali mnyamata ankasangalatsa anzake poonetsa zithunzithunzi za zidole zamapepala mothandizidwa ndi kuwala kwa nyali. Ntchito imene adayamba kuphunzira idali ya umakaniko. Pambuyo pake adadziwana ndi Jean Rouch, katswiri wa mafilimu wa ku France amene ankagwira ntchito ku Niger, ndipo adapeza mwayi wopita ku Canada kumene adakakumana ndi Norman McLaren, mmisiri wodziwika wa makatuni. Mu 1966 adatulutsa Bon Voyage Sim, nkhani ya mtsogoleri wa dziko la achule amene adapita kukacheza kudziko loyandikana nalo ndi mwambo wonse wa ulemerero. Pogwiritsa ntchito achule, Alassane adaseka kudzikuza kwa atsogoleri a maiko amene adali atangolandira kumene ufulu, monga momwe nthano za Kalulu zimadzudzulira amphamvu popanda kutchula munthu dzina. Iye adapitiriza kupanga mafilimu ndi kuphunzitsa achinyamata kwawo komweko kwa zaka zambiri, ndipo adamwalira mu 2015.

Chifukwa chimene Malaŵi idatsalira

Makatuni amafuna malo oonetsera, ndipo apa ndi pamene Malaŵi idachedwera. Southern Rhodesia idayamba kuulutsa wailesi ya kanema mu 1960, ndipo Northern Rhodesia idatsatira mu 1961 mumzinda wa Kitwe. M'Malaŵi, mu ulamuliro wonse wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, mudalibe wailesi ya kanema. Lamulo loona za mabuku, mafilimu ndi zisangalalo la 1968 lidapatsa boma mphamvu zoletsa chilichonse chimene silidakondwere nacho. Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999, zaka pafupifupi 40 pambuyo pa maiko oyandikana nawo aja. Popeza padalibe woti agule makatuni n'kuwaonetsa, padalibenso woti adzipereke kuwapanga.

Komabe mbewu zake zidalipo. Kuyambira 1948 bungwe la Central African Film Unit linkapanga mafilimu ophunzitsa anthu a ku Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, ndipo mafilimuwo ankayenda ndi magalimoto n'kumaonetsedwa pansalu usiku. Dziko litalandira ufulu, nthambi ya unduna wa zamalimidwe yofalitsa uthenga kwa alimi idali ndi magalimoto achikasu amene ankazungulira m'midzi ndi mafilimu komanso masewero a zidole ophunzitsa za feteleza, mbewu zamakono ndi kasamalidwe ka nthaka. Anthu akumidzi adaona ndi maso awo kuti chidole chopanda moyo chingathe kuseketsa bwalo lonse, uku chikuphunzitsa.

Mbewu ina idali m'nyuzipepala ndi m'magazini. Owerenga Moni, magazini imene idayamba mu 1964, ankathamangira patsamba la Chatsalira. Owerenga Malawi News ankatsata zochita za Pewani, wojambulidwa ndi Brian Hara, ndipo m'zaka za ufulu wa zipani zambiri kudabwera Amtchona a James Kazembe. Anthu ojambulidwawa sankayenda, koma adali ndi nkhope, khalidwe ndi kalankhulidwe zimene Amalaŵi ankazizindikira nthawi yomweyo. Kupanga munthu wongopeka amene dziko lonse lingamudziwe ndi theka la ntchito ya makatuni.

M'zaka za m'ma 1990 bungwe la UNICEF lidayambitsa nkhani za mtsikana wotchedwa Sara ndi kanyani kake Zingo, zokonzedwera maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Malaŵi. Nkhanizi zidatuluka m'timabuku tazithunzi, pa wailesi ndi m'makatuni. Yoyamba idali ya mmene Sara adatsala pang'ono kusiyitsidwa sukulu chifukwa cha kusowa kwa fizi. Kwa ana ambiri, aka kadali koyamba kuona m'katuni mtsikana wakuda wotola nkhuni ndi kutunga madzi ngati iwo omwe. Apa padaonekanso mtundu wa ntchito umene wakhala ukupezetsa ndalama ojambula ambiri a m'chigawo chino: kupanga mauthenga a zaumoyo, zamaphunziro ndi zamalonda olipiridwa ndi mabungwe ndi makampani.

Zinyalala za ku Harare ndi dongo la ku Cape Town

M'chaka cha 2003 ku Harare kudatuluka filimu yaitali yotchedwa The Legend of the Sky Kingdom, yotsogoleredwa ndi Roger Hawkins kuchokera pa nkhani ya Phil Cunningham. Opanga filimuyi adalibe ndalama zogulira zipangizo zimene makampani akunja amagwiritsa ntchito. Motero adatengera nzeru kwa amisiri a m'mbali mwa misewu amene amaluka zinthu ndi waya, ndipo adapanga zidole zawo zonse kuchokera ku zinthu zotayidwa: zitini, mawaya, zitsulo zakutha ndi zidutswa za ziwiya. Chidole chilichonse ankachisuntha pang'ono n'kuchijambula, kuchisunthanso n'kuchijambulanso, mpaka nkhani ya ana atatu amasiye othawa mumzinda wa pansi pa nthaka idatha. Mnyamata aliyense wa ku Nambuma kapena ku Mpingu amene adapindapo waya n'kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chake ali ndi luso lomwelo m'manja mwake. Eni filimuyi pambuyo pake adasamutsira kampani yawo, Sunrise Productions, ku Cape Town, kumene adapanga makatuni a nyama otchedwa Jungle Beat.

Ku Cape Town komweko, mu 1996, amayi awiri, Jacquie Trowell ndi Emma Kaye, adatsegula kampani yaing'ono yotchedwa Triggerfish. Ntchito yawo yoyamba idali yosuntha zidole zoumba, ndipo ankakhalira kupanga mauthenga amalonda ndi timakatuni ta pulogalamu ya ana ya Takalani Sesame, imene idayamba mu 2000. Pambuyo pake, motsogoleredwa ndi Stuart Forrest, kampaniyi idasiya dongo n'kuyamba kugwiritsa ntchito makompyuta. Mu 2012 idatulutsa Adventures in Zambezia, nkhani ya mzinda wa mbalame womangidwa pafupi ndi mathithi aakulu, yomwe idaonetsedwa m'maiko ambiri n'kubweretsa ndalama zoposa madola 30 miliyoni. Chaka chotsatira kudabwera Khumba, nkhani ya mbidzi yobadwa ndi mizere theka la thupi lokha. Kuchokera pa tsiku lotsegula kampani kufika pa filimu yaitali yoyamba padapita zaka 16.

Ulendo wa Malenga Mulendema

Itadziwa kupanga zithunzi zopikisana ndi za maiko ena, Triggerfish idaona kuti chosowa chachikulu tsopano chidali nkhani. Choncho mu 2015, mothandizidwa ndi kampani ya Disney ndi unduna wa zamalonda wa South Africa, idalengeza mpikisano wotchedwa Story Lab, woitana olemba a mu Africa monse kuti atumize maganizo a nkhani. Kudafika nkhani zoposa 1,300 zochokera m'maiko 30, ndipo zisanu ndi zitatu zokha ndizo zidasankhidwa. Imodzi mwa izo idali ya Malenga Mulendema wa ku Lusaka.

Mayiyu adalowa mpikisanowu monga mlembi, osati monga katswiri wojambula. Iye wakhala akufotokoza kuti adakula akuonera makatuni pa wailesi ya kanema, koma ankadabwa kuti ngwazi zonse sizinkafanana naye ndiponso sizinkakhala m'malo ofanana ndi kwawo. Nkhani yake idabadwa m'kudabwa kumeneko. Adapeka atsikana anayi a kusekondale, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, amene adasonkhanitsidwa ndi mayi wachikulire, Mama K, kazitape wopuma pa ntchito, kuti ateteze Lusaka wa m'tsogolo kwa adani ake, uku akulimbana ndi mayeso ndi mavuto a kunyumba. Ngwazi zimenezi zilibe chuma. Zimadalira nzeru ndi kugwirizana.

Kupambana mpikisano kudali chiyambi chabe. Padatsatira zaka zolemba, kufufuta ndi kulembanso, komanso zofunafuna woika ndalama zake pa nkhaniyo. Malcolm Wope, wojambula wa ku Cameroon, ndiye adapatsa atsikana anayiwo nkhope ndi zovala. Kampani ya CAKE ya ku London idalowa m'gululo. Mu Epulo 2019, patatha zaka pafupifupi zinayi, Netflix idalengeza kuti yatenga nkhaniyo, yomwe panthawiyo inkatchedwa Mama K's Team 4, kuti ikhale makatuni ake oyamba ochokera mu Africa. Kenaka kudalengezedwa kuti akufunika olemba achizimayi a mu Africa, ndipo magawo a nkhaniyo adalembedwa ndi gulu la amayi ochokera m'maiko osiyanasiyana. Nyimbo yotsegulira idaimbidwa ndi Sampa the Great, woimba wa ku Zambia. Padapitanso zaka zina zinayi kuti magawo oyamba atuluke mu Julayi 2023, ndipo ena adatsatira mu Disembala chaka chomwecho. Kuchokera pa pepala limene adatumiza ku mpikisano kufika pa tsiku limene dziko lidaonera, Mulendema adadikira zaka zisanu ndi zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mwezi womwewo wa Julayi 2023 kampani ya Disney idatulutsa Kizazi Moto: Generation Fire, gulu la timafilimu 10 topangidwa ndi akatswiri a ku Zimbabwe, Uganda, Kenya, Nigeria, Egypt ndi South Africa, ndipo Triggerfish ndiyo idatsogolera ntchitoyo. Makampani amene kale ankangotumiza makatuni ku Africa adali atayamba kugula nkhani kuchokera ku Africa.

Mbali imene ikadali yotsalira

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale nkhani ya Supa Team 4 ndi ya ku Lusaka, makampani amene adayendetsa ntchitoyo adali a ku Cape Town ndi ku London, ndipo ndalama zidachokera ku America. Izi zikutanthauza kuti gawo lalikulu la malipiro ndi maphunziro amene anthu amapeza pogwira ntchito yotere zidapita kunja kwa Zambia. Dziko limene lili ndi nkhani koma lilibe amisiri lili ngati mlimi wogulitsa mtedza wosaswa pamtengo wotsika, amene pambuyo pake amakagula mafuta ophikira a mtedza womwewo pamtengo wokwera.

Kwa mwana wa kwa Kabudula zopinga zilipo zoonekeratu. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti m'dziko muno mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi a Escom, ndipo ambiri mwa iwo adali a m'mizinda. Kompyuta yamphamvu ndi yokwera mtengo, intaneti nayo imadya ndalama. Makolo amene adagulitsa fodya kapena soya kuti alipire fizi amafuna kumva za unamwino, uphunzitsi kapena ukalaliki, ndipo mwana wokonda kujambula kawirikawiri amauzidwa kuti akutaya nthawi. Vuto lina ndi la kukopera. Ngakhale bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze eni luso, ndipo lamulo latsopano loteteza ntchito zaluso lidabwera mu 2016, filimu ikatuluka imafalikira m'malamya ndi m'malo okoperamo nyimbo mwini wake osapezapo kanthu. Munthu amene wathera miyezi isanu ndi umodzi pa katuni ya mphindi zisanu ayenera kudziwa asadayambe kuti adzamulipira ndani.

Koma zipata zinanso zatseguka zimene Alassane sadazione pa unyamata wake. Pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Blender yakhala yaulere kuyambira 2002, ndipo filimu ya Flow, yopangidwa ndi Gints Zilbalodis wa ku Latvia ndi kagulu kochepa pogwiritsa ntchito pulogalamu imeneyi, idapata mphotho ya Oscar mu 2025, kuposa mafilimu a makampani akuluakulu a ku America. Latvia ndi dziko la anthu osakwana 2 miliyoni. Mu 2019 Triggerfish idatsegula maphunziro aulere a pa intaneti ofotokoza mitundu ya ntchito za makatuni ndi mmene munthu angayambire. Lamya ya m'manja yokhala ndi kamera ndi yokwanira kujambulira zidole zadongo, ndipo achinyamata ena a m'dziko muno amaonetsa timakatuni tawo tachichewa pa Facebook ndi pa YouTube popanda kudikira chilolezo cha wailesi ya kanema.

Oonera nawo alipo. Khamu limene limadzaza m'tinyumba toonetseramo mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa ndi umboni wakuti anthu amafuna kumva nkhani m'chinenero chawo. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yofotokoza za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, si ya makatuni, koma idaonetsa kuti nkhani ya m'mudzi wa m'Malaŵi, yokhala ndi Chichewa chochuluka, ingathe kuoneredwa m'maiko akutali.

Phunziro la mbiriyi

Mutu umodzi susenza denga. Katuni imodzi imafuna wolemba nkhani, wojambula ndondomeko ya zochitika chithunzi ndi chithunzi, wopeka maonekedwe a anthu ndi malo, woyendetsa zidole, wolankhula m'malo mwa zidolezo, woimba, wokonza mawu, wolumikiza zithunzi, ndiponso woyang'anira ndalama ndi nthawi. Choncho makomo olowera ntchitoyi ndi ambiri. Alassane adalowera pa umakaniko, a ku Harare adalowera pa waya ndi zitini, Mulendema adalowera pa cholembera. Wophunzira wokhoza Chichewa ndi Chingerezi, wokhoza masamu ndi sayansi, ngakhale wokhoza zisudzo ndi kwaya, aliyense ali ndi mpando wake. N'chifukwa chake kusiya sukulu pofuna kuthamangira kujambula n'kudzitsekera khomo, pakuti mlembi wa kalata yopempha ndalama, wowerenga mgwirizano asadasaine ndi wophunzira pulogalamu yatsopano ya pa kompyuta ndi munthu yemweyo amene adalimbikira m'kalasi.

Mbiriyi ikuonetsanso kuti olemba anthu ntchito imeneyi amafuna kuona chimene munthu wapanga kale. Mulendema adasankhidwa chifukwa pamene mpikisano udalengezedwa adali ndi nkhani yoti atumize. Triggerfish idakhulupiriridwa ndi filimu yaitali chifukwa idali itapanga timakatuni tating'onoting'ono kwa zaka zambiri. Palibe mmodzi mwa anthu otchulidwa m'mbiri muno amene adayamba ndi chachikulu.

Chuma chimene makampani akunja adachifunafuna mu 2015 mpaka kuchita kulengeza mpikisano chili mbwee m'midzi ya kwa Kabudula. Agogo akati "Padangokhala," adzukulu n'kuvomera kuti "Tili tonse," pamatuluka Kalulu, Fisi, Kamba ndi Njovu, aliyense ndi mawu ake ndi kayendedwe kake. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndi umboni wakuti Achewa adadziwa kalekale kupereka khalidwe ku nkhope yosema kudzera m'kavinidwe, ngakhale kuti mwambowu uli ndi eni ake ndi malamulo ake oyenera kulemekezedwa. Zithunzi za pamiyala ya ku Chongoni ku Dedza, zimene zidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, zikutsimikiza kuti kujambula pofuna kuphunzitsa achinyamata si chinthu chobwera ndi sitima.

Funso lotsala ndi lakuti nthano zimenezi zidzayendetsedwa ndi manja a yani. Zikapanda kupeza amisiri kwawo, adzazitola ndi ena, ndipo ana a ku Nsaru adzalipira ndalama kuti aonere Kalulu wa agogo awo akulankhula chinenero cha eni. Koma wophunzira amene watenga kope lakale ndi pensulo, najambula zithunzi 12 za kamnyamata kotola mwala, wapanga sekondi imodzi ya filimu. Akachita chimodzimodzi tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, adzakhala ndi mphindi yathunthu yoti aonetse anthu. Cohl, Reiniger ndi Alassane onse adayambira pomwepo.